Lachinayi la Tamanda

"Iwe Lumbani, anakuuza ndani kuti tsiku la munthu wapakati amalilengeza m'tchalitchi ngati tsiku la mpira?"

A NyaHarawa anaponya funsoli asanavule n'komwe nsapato za kutchalitchi. Anaima pakati pa balaza la kanyumba ka lendi ka mwana wawoyo ku Chibavi, Baibulo lili kukhwapa, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkawaza kamvula ka ku Mzuzu kosadziwa nyengo kaja.

"Amama, ine ndinangopempha mapemphero," anayankha Lumbani Msiska akuyang'ana pansi. "Ndinauza mkulu wa mpingo kuti atikumbukire. Sindinadziwe kuti akatchula ndi tsiku lomwe."

"Sunadziwe! Munthu waima kutsogolo, maikolofoni ili kukamwa, 'Abale, Lachinayi likubwerali akazi awo a Msiska akupita kumpeni.' Tchalitchi chonse chamva. NyaSoko naye wamva. Anali pabenchi ya kutsogolo kwanga, ndamuona ndi maso angawa akugwedeza mutu."

NyaSoko anali mkazi wachiwiri wa malemu bambo ake a Lumbani. Amayi awiriwa ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi kuimba nyimbo imodzi, koma moni wawo unkathera m'mano.

Mwini nkhani, Tamanda, mkazi wa Lumbani, anali pampando wa pakona atatsamira mapilo, mapazi otupa atawasanjika pa beseni lovundikira. Kutchalitchi anali atasiya kupita, chifukwa kachitunda kochokera pakhomo pawo kukafika pamsewu kankamutha mpweya. Mimbayi inali yoyamba, ndipo kusikelo n'kumene anam'peza ndi vuto la mtima. Kakhomo kena ka mkati mwa mtima wake kanali kothina, magazi ankadutsa movutikira. Madokotala anati mtima wotero sungapirire ululu wa kubereka, choncho anasankha tsiku loti amuchite opaleshoni matenda asanayambe.

"Lachinayi sapita," anatero a NyaHarawa.

"Amama!"

"Ndati sapita, yayi. Mwezi wobadwa mwana sanena, nanji tsiku? Kwathu ku Rumphi mkazi matenda akamuyamba amatuluka ngati akukatola nkhuni, ngakhale mwamuna wake sadziwa. Ukatchula tsiku wapatsa mfiti chingwe m'manja. Imangokhala pansi n'kumanga mfundo, basi, mwana satuluka, mayi sadzuka. Mlongo wako Keziya anapita bwanji? Si uja ankangouza aliyense kuti mwezi wake ndi uno?"

Dzina la Keziya likatchulidwa m'nyumba imeneyi, pakamwa pa aliyense pankalemera. Lumbani anayankha motsitsa mawu.

"Keziya anataya magazi ambiri, amama. Anatero adokotala."

"Nanga magaziwo anawatsegula ndani? Adokotala amaona chotuluka, saona wotumiza. Ine ndinaika kale mwana mmodzi ndi mimba yake. Wachiwiri ayi."

Apa Tamanda anadzikoka pampando paja. Anali mwana wa ku Dedza woleredwa bwino, wosazolowera kuyankha apongozi, ndipo mawu ake ankatuluka moduladula chifukwa cha befu.

"Amayi, mundikhululukire, ndilankhuleko. Tsikulo sindinasankhe ine. Anati Lachinayi kubwera dokotala wa mtima kuchokera ku Lilongwe ndi makina ake oonera mkati mwa mtima. Akamanding'amba, iye azikhala akuyang'ana mtima wanga pagalasi. Ukayamba kufooka, aziuthandiza nthawi yomweyo. Andisungiranso bedi m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Ndikaphonya tsikulo ndaphonya zonsezo."

"Mkamwana, iwe ndiwe mwana," anatero a NyaHarawa kwa mpongozi wawo, mawu atafewa tsopano. Anagwada n'kuyamba kumusisita mapazi. "Makinawo amaona mfundo? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, mwana wane. Ine ndinakwera basi kudzakudikirira kuti uchire, sindinabwere kudzakuperekeza kumanda."

Vuto lake linali lomwelo: mayiyu sankamuda mpongozi wake. Akanakhala womuda, bwenzi nkhani ili yapafupi, munthu wankhanza sachedwa kumutseka pakamwa. Koma a NyaHarawa ankamuphikira Tamanda, kumuchapira, kumuthowa mapazi ndi madzi ofunda, ndipo akamakhosomola ankadzuka kudzamugwira msana. Munthu wotero umamukana bwanji?

Lolemba Lumbani anawasiyira ntchito ana a sitandade sikisi amene ankawaphunzitsa, n'kukwera njinga ya kabaza kupita kuchipatala. Anakafuna a Gracious Munthali, mayi amene ntchito yawo inali yogonetsa odwala ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, ndi kuwalondera mpweya ndi mtima kufikira atadzuka. Anawapeza pakhonde akumwa tiyi choimirira.

"Mukuti tisinthe tsiku chifukwa chiyani, a Msiska?"

"Kunyumba kwavuta pang'ono."

"Kwagwa maliro?"

"Ayi."

"Nanga?"

Lumbani anafotokoza akukanda m'mutu, mawu ena akumeza. Ankayembekeza kuti amuseka, mphunzitsi wathunthu kubwera ndi nkhani ya mfundo. A Munthali sanaseke.

"Ine ndine wa konkuno, zimenezo ndimazidziwa. Amayi anga enieni amazikhulupirira. Koma mvetserani. Kung'amba si nkhani, timang'amba tsiku ndi tsiku. Poopsa ndi pamene mwana watuluka. Chiberekero chikamabwerera, magazi onse amene anali mmenemo amathamangira kumtima nthawi imodzi. Mtima wabwino umawalandira. Wa akazi anu khomo lake ndi lothina, zili ngati anthu a m'basi yonse akulimbirana kutulukira pazenera. Magazi amabwerera m'mapapo, munthu n'kumira ali pabedi. Makina aja amationetsa madziwo asanafike m'khosi. Popanda iwo ine ndimadziwa mochedwa."

"Nanga adokotalawo sangabwere Lachitatu, mwakachetechete, anthu osadziwa?"

"Dokotalayo ndi mmodzi, zipatala zomudikira ndi zambiri. Akachoka Lachinayi madzulo adzabweranso mwezi wamawa, ndipo mwana wanu sadikira mwezi wamawa. Mubwere nawo Lachitatu adzagone konkuno. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, a Msiska."

"Ndamva. Yewo chomene, tibwera."

Ndipo sankanama. Lumbani sanali munthu wabodza, kungoti anali wa mtundu uja umene umagwirizana ndi amene walankhula pomaliza.

Lachitatu masana chikwama chinali chitalongedzedwa, takisi itaitanidwa. A NyaHarawa anali chete kuyambira m'mawa, ndipo Lumbani anayamba kuganiza kuti mwina agonja. Ndiye kunamveka odi pakhomo.

Anali NyaSoko, kamayi kouma, kokhosomola, katanyamula jumbo m'manja.

"Monire mose. Ndati ndimuoneko mwana asanapite. Paja ndi mawa, eti? Chiuta akutsogolere, mama."

Anatulutsa chitenje chatsopano ndi sopo wamtanda n'kuziika pamiyendo pa Tamanda. Sanakhalitse, poti palibe amene anam'patsa mpando. Za mumtima mwake adziwa ndi Mulungu, koma zimene zinali m'manja mwake zinali chitenje ndi sopo basi.

Atangotuluka, a NyaHarawa anatsomphola chitenje chija n'kuchikutumula. Pangodya pake panali mfundo.

"Mwaona! Mwaona tsopano! Wachita kubwera nayo yekha pakhomo!"

Lumbani anamasula mfundo ija ndi mano. Munagwa kandalama kopindapinda, monga amamangira amayi achikulire onse.

"Ndi ya mwana, amama. Amangira mwana ya sopo."

"Imeneyo ndi yokuphimba m'maso iwe wa sukulu. Iwe unamva bwino funso lake? 'Paja ndi mawa?' Wabwera kudzatsimikiza."

Kumtunda pamsewu takisi inaliza hutala. Lumbani ananyamula chikwama, dzanja lina n'kumudzutsa mkazi wake. A NyaHarawa sanakuwenso. Anapita pakhomo, anayala chitenje chawo pansi, n'kugona chopingasa, mutu kufelemu iyi, mapazi kufelemu inayo. Nyumba za lendi za ku Chibavi khomo limakhala limodzi.

"Ukafuna kupita naye, undidumphe. Dumpha mimba imene inakubereka. Ukatero usadzabwere pamaliro anga, ndipo chimene chidzakuonekere usadzafunse."

"Amama, dzukani, anthu akuona."

"Aone. Ankaonanso pamene ndinkalira Keziya."

Tamanda anagwira malaya a mwamuna wake. Kwa nthawi yoyamba chilowere m'banja limeneli analankhula osapempha chilolezo.

"A Msiska, mtimawu uli m'chifuwa mwanga, si mwa amayi. Ndimaumva ine ukuthamanga, kenako n'kupunthwa ngati munthu wolemedwa. Ine NyaSoko sindikumuopa. Ndikuopa kufa. Anyamuleni amayi muwaike pambali, mudzapepesa ndikachira."

"Ndiwagwire amama ndi manja anga?"

"Ndiye ndinyamuleni ine, mundidutsitse pamwamba. Tsokalo ligwere ine."

Hutala inaliranso, motalika. Lumbani anayang'ana mayi ake pansi, anayang'ana mkazi wake, anayang'ananso mayi ake. Mapanga awiri avumbwitsa, amatero akuluakulu, koma apa wovumbwa sanali mwini mapangawo. Anaika chikwama pansi.

"Tamanda, tingodikira Lachinayi lidutse, mitima ikhale pansi. Lachisanu ndikutenga ndekha. Chipatala sichingatibweze."

"Dokotala wa mtima adzakhala atapita."

"Alipo ena. Mulungu ndi wamkulu."

Tamanda anamusiya malaya aja. Anabwerera pampando wake pang'onopang'ono, akugwira khoma, ndipo sanalire n'komwe. Wa takisi anatukwana kumtunda kuja n'kumapita.

Lachinayi foni ya Lumbani inalira m'mawa wonse. Nambala ankaidziwa. Anaiyang'ana ikulira, kenako anaizimitsa n'kuiika m'thumba la jekete. Kuchipatala dokotala wa ku Lilongwe anadikira, anaona odwala ena, madzulo analongedza makina ake n'kukwera galimoto.

"Mwaona?" anatero a NyaHarawa Lachisanu m'mawa, akumwetulira koyamba sabata imeneyo. "Tsiku lawo ladutsa, munthu ali moyo. Mfundo yawo yagwira mphepo. Tsopano tidzapita tsiku limene sadziwa munthu aliyense."

Lachisanulo Lumbani sanamutenge mkazi wake. Anati akayambe wapita yekha kukapepesa kwa a Munthali. Anafika mpaka pageti la chipatala, manyazi anam'gwira miyendo, anabwerera. Anati apita Lolemba. Lolemba kusukulu kunabwera oyendera. Zimapsetsa mtima kuzinena, koma ndi mmene zinayendera: mwamuna wamkulu, wophunzitsa ana a eni za kayendedwe ka magazi m'thupi, ankaopa kukalipiridwa kuposa kuferedwa. Sabata inatha, ina n'kuyamba.

Tamanda tsopano ankagona chokhala, chifukwa akati agone chagada mpweya unkamuthawa. Anasiya kukangana. Mayi ake omubereka ankaimba foni masana aliwonse kuchokera ku Dedza, ndipo iye ankawayankha kuti madokotala asuntha tsiku. Paja pomulangiza za ukwati anamuuza kuti mkazi wabwino satulutsa za m'nyumba, ndipo iye malangizo anawasunga bwino.

Matenda anamuyamba m'mawa wina Lumbani atapita kale kuntchito. A NyaHarawa anatseka zenera.

"Usabuule, mwana wane, makoma awa ndi opyapyala. Luma chitenje."

"Amayi, itanani galimoto."

"Galimoto ikaima pakhomo Chibavi yense adziwa. Tikakwerera kumsewu. Nyamula kabasiketi aka, aziti tikupita kumsika."

Anatuluka choncho, wamkulu patsogolo, wodwala pambuyo ndi basiketi yopanda kanthu. Kachitunda kaja, kamene Tamanda anali atakaleka ngakhale popita kwa Mulungu, anakakwera tsiku limenelo ali ndi ululu wa kubereka. Ankayenda pang'ono n'kugwira mpanda wa eni, kuyenda pang'ono n'kugwira mtengo wa magetsi. Mayi wina wochapa pakhomo anadzutsa mutu.

"Mwawuka uli, amama? Kodi mkamwana ali bwino?"

"Ali makora, tikuwongola miyendo," anayankha a NyaHarawa mokweza, akumwetulira.

Pofika pamsewu Tamanda anangokhala pansi m'matope, milomo itachita imvi, akukhosomola thovu. Pamenepo mpamene a NyaHarawa anachita mantha enieni. Anataya chinsinsi chonse n'kuyamba kukuwa pakati pa msewu, manja m'mwamba, mpaka galimoto ina inaima.

A Munthali atamuona akulowetsedwa pa machira, anangoti, "Mayo, Tamanda, munali kuti?" Yankho sanalidikire. Mwana anali atayamba kale kubanika, panalibe kuchitira mwina koma kuthamangira ku fiyeta. Tsoka silinunkha: m'mawa womwewo minibasi inali itagubuduzika pamsewu wa ku Nkhata Bay. Mabedi a odwala mwakayakaya anali odzaza, ndipo makina aakulu olondera mtima amene analipo anali pachifuwa pa munthu wina amene nayenso ankalimbana ndi imfa. A Munthali anatsala ndi kachipangizo kopana chala, lamba wopimira kuthamanga kwa magazi, ndi zala zawo.

Atamugoneka pabedi la opaleshoni, Tamanda anatembenuza mutu uku ndi uku, akufunafuna.

"Adokotala, makina aja alipo?"

A Munthali anam'gwira pachipumi.

"Ndilipo ine, mama. Pumani, pumani kwambiri."

Anagona. Wong'amba anagwira ntchito yake mwachangu, ndipo posakhalitsa mwana analira, wamkazi, wamphamvu zake. Anamwino anamwetulira. A Munthali okha sanamwetulire, chifukwa zala zawo zinali pakhosi pa Tamanda, ndipo ankadziwa kuti nthawi yoopsa ndi imeneyi. Pansi pa zalazo mtsempha unayamba kuthamanga, kudumpha, kuthamanganso. Kodi mtima wadzaza kapena ukusowa magazi? Apereke mankhwala ochotsa madzi kapena awonjezere dilipi? Pagalasi la makina aja yankho likanaoneka poyera. Apa anayenera kulota. Pamene ankadziwa chenicheni, thovu lofiirira linali litayamba kale kukwera mu paipi ya mpweya. Anabaya mankhwala, anapopa, anasinthana kudinikiza pachifuwa mpaka mikono inawawa. Mtima wa Tamanda unali utatopa kalekale, unatopera pachitunda paja.

Atamva uthenga kusukulu, Lumbani anafika akuthamanga, choko chili mbuu pa thalauzi. Anapeza mayi ake atakhala pansi pakhonde, basiketi ija ili pambali. A Munthali anatuluka atavula chophimba kukamwa, maso ali psuu.

"A Msiska, mwana ndi wamkazi, ali bwino. Amayi ake atisiya."

Lumbani anatsamira khoma. Anafunsa ndi mawu aang'ono ngati a mwana wa m'kalasi mwake.

"Tikanabwera Lachinayi lija, akanachira?"

"Ine si Mulungu, sindingalumbire. Koma tikanauona mtima wawo ukuyamba kutopa, tikanalimbana nawo tili ndi maso. Lero ndalimbana nawo ndili wakhungu. Ndinakuimbirani foni, a Msiska. Ndinaimba mpaka dokotala uja anandiuza kuti ndileke."

Anafuna kuwonjezera mawu ena, koma anadziletsa. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo kukalipa nako sikudzutsa wakufa. Anabwerera mkati, kunali ena owadikira.

A NyaHarawa anadziponya pansi. Kulira kwawo kunali koona, kochokera m'mimba, kolirira ana awiri nthawi imodzi.

"Mkamwana wane! Anam'manga! Ndinanena ine, ndinanena! Tinabisa tsiku, tinabisa njira, koma anatipezabe. Mwana wanga wabwino, wosayankha, wandithera m'manja! Lumbani, mfundo ija unaimasuliranji ndi mano ako?"

Amayi ena odikirira odwala anasonkhana, ena kuwagwira mapewa, ena kupukusa mitu. "Anthu ndi oipa," anatero mmodzi. "Kwathunso zinachitika," anavomera wina. Panalibe amene anafunsa za dokotala wa ku Lilongwe, poti panalibe amene ankadziwa kuti kunabwera munthu wotero n'kudikira tsiku lathunthu.

Lumbani yekha ndi amene ankadziwa zonse. Ankadziwa za chikwama chimene anaika pansi, za foni imene anazimitsa, za geti limene anabwererapo. Anayang'ana mayi ake akugubuduka pasimenti ndipo anatsegula pakamwa kuti anene. Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba mwake. Inali nthawi ya masana, ndipo apongozi ake a ku Dedza, atalephera kumupeza mwana wawo, anaimbira iye.

"Bambo, kodi kuli bwanji kumeneko? Tamanda sakuyankha foni. Madokotala aja anena tsiku tsopano?"

"Amayi," anatero Lumbani. "Amayi, limbani mtima. Mwana wabadwa, koma Tamanda watisiya."

Kunamveka mfuu, kenako chinthu chikugwa, kenako mpweya wokhawokha. Mawu atabwerera anali a munthu wokalamba mwadzidzidzi.

"Chachitika n'chiyani, bambo? Si paja munati kubwera dokotala wa mtima ndi makina? Mwana wanga wafa bwanji ali m'manja mwa madokotala? Ndiuzeni zoona, ndinu mwamuna wake."

A NyaHarawa anadzutsa mutu, misozi ili chuchuchu, akumuyang'ana mwana wawo. Lumbani anatseka maso.

"Ndi anthu, amayi," anatero. "Anthu anam'manga."